Tsitsi la Malemu m'Kabokosi ka Galasi

Mu mzinda wa Bruges, kumpoto kwa dziko la Belgium, kumene ngalande za madzi odikha zimadutsa pakati pa nyumba zakale za njerwa, ndi kumene mabelu a matchalitchi amalira kuyambira mbandakucha kufikira usiku, muli kamsewu ka m'mphepete mwa madzi kotchedwa Rozenhoedkaai, kamene alendo a mitundu yonse amaimapo lero kuti ajambulitse zithunzi. Koma ndi owerengeka okha mwa iwo amene amadziwa kuti pamalo pomwepo mlembi wina, zaka zoposa 130 zapitazo, adamangapo m'maganizo mwake nyumba ya munthu wofedwa, naikamo kabokosi ka galasi, ndipo m'kabokosimo adagonekamo tsitsi lolukidwa la mkazi amene adatsikira kale kuli chete.

Mlembiyo adali Georges Rodenbach, ndipo buku lake, limene adalilemba m'Chifalansa nalitcha Bruges-la-Morte, ndiko kunena kuti Bruges Wakufa, ndi laling'ono kotero kuti munthu angathe kulitsiriza madzulo amodzi nyale isanathe mafuta. Komabe m'kabuku kameneka mudatuluka sewero, mudatuluka opera imene ikuimbidwa kufikira lero m'nyumba zazikulu za zisudzo za ku Ulaya ndi ku America, mudatulukanso mafilimu a ku Russia, ku Argentina ndi ku Belgium komweko. Aliyense amene adaigwira nkhaniyi adakumana ndi funso limodzi, limene ifenso timalidziwa bwino popeza palibe mudzi wopanda manda: kodi maliro amatha liti, ndipo ndani ali ndi mphamvu youza wofedwa kuti walira mokwanira, tsopano adzuke, asambe, adye?

Mzinda umene nyanja idauthawa

Rodenbach adabadwa pa 16 Julaye 1855 ku Tournai, nakulira ku Ghent, kumene adaphunzira kwa ansembe a Chijezuiti pamodzi ndi Émile Verhaeren, amenenso adadzatchuka ndi ndakatulo. Ndipo atatsiriza maphunziro a zamalamulo ndi kugwirako ntchito ya uloya, adasamukira ku Paris mu 1888 kuti akadzipereke ku ntchito ya cholembera. Kumeneko, m'mwezi wa Febuluwale 1892, nyuzipepala ya Le Figaro idasindikiza nkhani yake chigawo ndi chigawo, ndipo chaka chomwecho idatuluka ngati buku lokhala ndi zithunzi 35 za misewu, milatho ndi ngalande za Bruges, zojambulidwa ndi kamera, chinthu chimene chidali chachilendo m'mabuku a nthano a masiku amenewo. M'zithunzizo anthu saoneka kwenikweni. Mwadzaza madzi, miyala ndi mithunzi, pakuti mlembi adafuna kuti owerenga auone mzindawo monga mmodzi wa anthu a m'nkhaniyo, wokhala ndi dzanja pa zonse zochitika.

Tsono mzindawu udali ndi maliro akeake. M'zaka za m'ma 1300 ndi 1400, Bruges adali msika waukulu wa kumpoto kwa Ulaya, kumene amalonda a ku Venice, Genoa, England ndi a m'mizinda ya ku Germany ankakumana kudzagulitsana nsalu, ubweya wa nkhosa ndi zonunkhira. Koma khwawa la Zwin, limene zombo zinkadzera pochokera kunyanja, lidayamba kukwiririka ndi mchenga ndi matope, ndipo pofika cha m'ma 1500 chuma chidali chitasamukira ku Antwerp, mzindawo nutsala ndi nsanja zake zazitali, matchalitchi ake, ndi umphawi. Rodenbach adaona m'bata limenelo kukongola kwa thupi logonekedwa bwino pamphasa, ndipo adakukonda ndi mtima wake wonse. Eni mzinda sadakondwere nako kutchedwa akufa ali moyo, makamaka popeza nthawi yomweyo ankalimbikira zoti akumbe doko latsopano, lija la Zeebrugge limene lidatsegulidwa mu 1907. Kotero mlembiyo atamwalira ku Paris pa tsiku la Khirisimasi mu 1898, ali ndi zaka 43, chipilala chomukumbukira chidakanidwa ku Bruges, ndipo chidakaimikidwa ku Ghent.

Nkhani ya Hugues Viane

Mwini nkhani ndi Hugues Viane, bambo wa zaka 40, amene adakhala m'banja lachikondi zaka khumi mkazi wake asanamwalire. Maliro atangoikidwa adasamukira ku Bruges, chifukwa adafuna mzinda wofanana ndi chisoni chake, ndipo pamene buku likuyamba watha zaka zisanu m'menemo, wopanda ntchito, wopanda bwenzi, ali ndi wantchito mmodzi yekha, mayi wokalamba ndi wopembedza dzina lake Barbe. M'zipinda ziwiri za nyumba yake adasunga zonse za malemu monga momwe adazisiyira: mipando, zithunzi, zovala, ngakhale akalilole amene ankaopa kuwapukuta mwamphamvu kuti nkhope imene idadziyang'anamo ingafufutike, ndipo pamwamba pa piyano imene sidaimbidwenso adaikapo chuma choposa zonse, tsitsi lija lofiirira ngati uchi, limene ankaliyendera m'mawa uliwonse monga munthu apita kukapembedza.

Madzulo ena, akuchokera ku tchalitchi cha Notre-Dame kumene kuli manda a Mary wa ku Burgundy, adakumana mumsewu ndi mkazi amene nkhope yake, maso ake, mayendedwe ake ndi tsitsi lake zidali za malemu zenizeni. Adamtsata namtaya, patapita masiku adamuonanso, namtsata kufikira m'nyumba ya zisudzo, kumene usiku umenewo ankaonetsa opera ya Meyerbeer yotchedwa Robert le Diable, imene ili ndi chigawo chotchuka cha masisitere akufa odzuka m'manda awo nayamba kuvina. Pakati pa anthu oonerera sadampeze. Koma pamene manda a pansanja adatseguka, taonani, wodzukamo adali mkazi yemweyo. Dzina lake lidali Jane Scott, ndipo ntchito yake idali kuvina.

Kuyambira pamenepo Hugues adayamba kudzinyenga kuti imfa yabweza chimene idatenga. Adamchotsa Jane pantchito, namchitira lendi nyumba m'mphepete mwa mzinda, namayenda kumeneko madzulo, akudziuza mumtima kuti sakuchimwira mkazi wake popeza ndi yemweyo amene akumkonda. Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tsitsi la Jane lidali lonyikidwa m'mankhwala, kuseka kwake kudali kwaphokoso, ndipo tsiku limene Hugues adambweretsera madiresi a malemu kuti avale, iye adawaseka kuti ndi achikale, navina nawo mwachipongwe. Anthu a mumzinda ankaona zonsezi kudzera m'tiakalilole timene ankamangirira kunja kwa mawindo awo kuti aziona odutsa mumsewu iwo osaoneka, ndipo miseche idafika mpaka kwa akazi opembedza a ku Béguinage, kumene Barbe ankalakalaka kukatsirizira moyo wake.

Mapeto adadza pa tsiku la mdipiti wa Magazi Oyera, mwambo umene mzinda wa Bruges wakhala ukuchita chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1300. Jane, amene tsopano maso ake adali pa chuma cha bamboyo, adaumirira kuti akaonere mdipitiwo pawindo la nyumba imene adali asanaipondemo. Barbe atamva kuti akonzere chakudya mlendo wotere adamanga katundu wake nachoka. Ndipo mdipiti utadutsa, Jane adalowa m'zipinda zija, naseka zithunzi, natsegula kabokosi, nakulunga tsitsi la malemu m'khosi mwake. Hugues adamlumphira, nakoka tsitsilo kufikira mkaziyo adaleka kupuma. Buku likutha mabelu onse a mzinda akulira, bamboyo atakhala pampando pakati pa akazi awiri akufa amene tsopano afananadi.

Chimene chidasowa m'nyumba imeneyo

Munthu woleredwa kuno kwathu akawerenga nkhaniyi, chimene chimamgunda pamtima msanga ndi tsitsilo, pakuti ifenso tsitsi timalidziwa pamaliro, koma mwa njira ina. Mwa mwambo wa makolo, adzukulu akatsiriza ntchito yawo kumanda, patapita masiku owerengeka anamfedwa ankasonkhana nametedwa. Ndipo patapita miyezi, kawirikawiri chaka, ankafulula mowa, nametanso kachiwiri, mzimu wa malemu nuperekezedwa kwa makolo ake, wamasiye nasudzulidwa kuti akhale mfulu kuyamba banja lina. M'madera ena ngakhale nyumba ya malemu ankaigwetsa. Sitinganene kuti miyambo yonse ya maliro idali yachifundo, popeza ina idazunza akazi amasiye ndi kulanda ana chuma cha atate awo. Koma m'kumeta muja mudali nzeru yakuya, yakuti chisoni chipatsidwe nthawi yake yokwanira ndiponso malire ake, ndi kuti malirewo aikidwe ndi mudzi wonse, chifukwa wofedwa payekha sangathe kudziuza kuti basi. Tsitsi lometedwa ndi la amoyo, ndipo limameranso, mwini wake naona pakalilole kuti masiku akupita. Hugues adasunga tsitsi la wakufa, limene silimera ndiponso silivunda, ndipo nthawi idaima m'nyumba mwake zaka zisanu.

Maliro n'kulirana, adatero akale. Koma mu Bruges wa Rodenbach mudalibe ndi mmodzi yemwe wolira naye bamboyo. Adali ndi anansi ambiri omusuzumira pawindo, ndipo palibe amene adagogoda pakhomo pake kudzakhala naye pansi. Malembo Oyera amatisimbira za Yakobo amene adakana kutonthozedwa pamene ankayesa kuti Yosefe wafa, koma iye adali ndi ana ake omuzinga. Amatisimbira za Davide amene, mwana wake atamwalira, adadzuka pansi, nasamba, napembedza, nadya, anyamata ake nazizwa. Amatisimbiranso za Sauli amene adapita usiku ku Endori kukadzutsa wakufa, nabwerako ndi chiweruzo chokha. Hugues adayenda njira ya Sauli, ndipo mtengo wake adaulipira ndi moyo wa munthu wina, amene kulakwa kwake koyamba kudali kubadwa ndi nkhope ya malemu.

Oyamba kuika nkhaniyi pa kanema sadasinthe chigamulo chimenechi. Mu 1915, ku Moscow, Yevgeni Bauer, mmodzi wa akatswiri a mafilimu opanda mawu a ku Russia, adajambula filimu yotchedwa Gryozy, ndiko kuti maloto a masana, m'mene adasamutsira nkhaniyo ku dziko lakwawo ndi kupatsa anthu ake maina a Chirasha, koma adasunga masisitere odzuka m'manda, adasunga tsitsi, adasunganso kunyonga kwa kumapeto. Popeza filimuyo idalibe mawu, chisoni chonse chidasenzedwa ndi nkhope, zipinda zodzaza katundu ndi mithunzi, ndipo woonera amatuluka ndi mtima wolemera monga wa wowerenga buku.

Mnyamata wa ku Vienna ndi mzinda wakufa

Rodenbach asanamwalire adaikonzanso nkhani yake kukhala sewero lotchedwa Le Mirage, limene Siegfried Trebitsch adalimasulira m'Chijeremani. Ndipo kudzera mwa Trebitsch yemweyo nkhaniyo idafika m'nyumba ya Julius Korngold, mtolankhani woopedwa wa za nyimbo mu Vienna, amene mwana wake Erich Wolfgang, wobadwa pa 29 Meyi 1897 ku Brünn, mzinda umene lero umatchedwa Brno, adali atazizwitsa kale Gustav Mahler ndi luso lake ali kamnyamata, ndipo nyimbo zake za gule wotchedwa Der Schneemann zidaimbidwa m'nyumba ya opera ya mfumu mu 1910 iye ali ndi zaka 13 zokha. Bambo ndi mwana adalemba okha mawu a opera yatsopanoyo, nabisala kuseri kwa dzina lopeka lakuti Paul Schott, ndipo adaitcha Die tote Stadt, Mzinda Wakufa.

Opera ndi sewero limene mawu ake kawirikawiri amaimbidwa kuyambira pachiyambi kufikira kumapeto, mothandizidwa ndi gulu lalikulu la oimba mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Ndipo ubwino wake pa nkhani ya chisoni ndi wakuti chimene buku limachifotokoza ndi masamba ambiri, nyimbo imachilowetsa m'chifuwa cha womvera nthawi imodzi, monga adziwira aliyense amene adagonapo pasiwa namva amayi akuyambitsa nyimbo pakati pa usiku. Korngold adasonkhanitsa zoimbira zochuluka, naphatikizapo limba la m'tchalitchi, mabelu ndi chida chotsanzira mphepo, kuti Bruges amene Rodenbach adamuonetsa ndi zithunzi amveke tsopano ndi makutu. Hugues adasandulika Paul, malemu adapatsidwa dzina lakuti Marie, wovina uja nakhala Marietta, ndipo mwa lamulo la wopeka nyimbo, akazi awiriwa amaimbidwa ndi woimba mmodzi, kuti omvera nawonso agwidwe ndi chinyengo chimene chagwira wofedwayo.

Koma opera ya Akorngold awiriwa ili ndi zinthu ziwiri zimene mulibe m'buku, zimene zidatembenuza nkhani yonse. Choyamba, Paul ali ndi bwenzi, dzina lake Frank, munthu wolowa m'nyumba ndi kumuuza maso ndi maso kuti akusewera ndi moto. Chachiwiri, Akorngold adasandutsa zoopsa zonse kukhala loto. M'chigawo choyamba Marietta afika kudzacheza, Paul ampatsa mpango wa malemu ndi zeze wake, mkaziyo naimba nyimbo yachikale yodekha, imene lero imadziwika padziko lonse kuti nyimbo ya Marietta. Akachoka, Marie aonekera kuchokera m'chithunzi chake, ndipo kuyambira pamenepo zonse zimene tiona, wantchito Brigitta kuthawira kwa akazi opembedza, Frank kusanduka mdani wolimbirana naye mkazi, anzake a Marietta kusewera zodzuka m'manda m'mphepete mwa ngalande usiku, mdipiti kudutsa pawindo, ndi kunyonga komwe, zichitika m'mutu mwa Paul. Akadzidzimuka apeza tsitsi lili m'malo mwake, mtembo palibe. Brigitta alowa kudzanena kuti mayi uja wabwerera kudzatenga ambulera ndi maluwa zimene anaiwala. Marietta alowa wamoyo, namwetulira, nachoka. Ndipo Frank akamfunsa ngati angatsagane naye kutuluka mumzindawo, Paul avomera kuti ayesa. Atsala yekha, aimbanso maimbidwe a nyimbo ija ndi mawu otsazika, natseka chipinda cha malemu.

Alipo ena amene amati loto limeneli ndi mantha, kuti Korngold adasungunula mankhwala owawa a Rodenbach ndi shuga. Ine ndikuona kuti oterewa aiwala anthu amene adakhala m'mipando usiku woyamba. Opera imeneyi idaimbidwa koyamba pa 4 Disembala 1920, m'mizinda iwiri usiku umodzi, ku Hamburg motsogozedwa ndi Egon Pollak, ndi ku Cologne motsogozedwa ndi Otto Klemperer, amene mkazi wake Johanna adaimba Marietta. Ndipo padali patangopita zaka ziwiri chithere nkhondo yaikulu ija imene makolo athu ankaitcha ya Chiwaya, imene idameza asilikali pafupifupi 10 miliyoni, zikwi zambiri za iwo m'matope a Flanders, dera lomwelo la Bruges, kenaka chimfine cha 1918 nichidzakolola otsala. M'nyumba zosawerengeka za ku Germany ndi Austria mudali chipinda chotsekedwa, chithunzi cha mnyamata wovala yunifolomu, ndi chipewa chopachikidwa pamsomali chimene palibe ankachikhudza; ndipo ambiri a anyamatawo adalibe ngakhale manda oti mayi akagwadepo. Anthu otere sankasowa wowaphunzitsa kuti chisoni chingathe kupha, popeza ankachidziwa m'mafupa mwawo. Ankasowa wowaonetsa khomo lotulukira, ndi wowatsimikizira kuti kutuluka sikupereka malemu. Mnyamata wa zaka 23 adawaonetsa khomolo, ndipo adalionetsa moona mtima, pakuti Paul sakwatira Marietta, saiwala Marie, salonjeza kuti wachira. Angoti ayesa, monga anena wofedwa aliyense woona.

Chotero operayo idafalikira ngati moto wa m'chilimwe. Idafika ku Vienna mu Januwale 1921, ndipo mu Novembala chaka chomwecho idaimbidwa ku Metropolitan Opera mu New York, kumene Maria Jeritza adaonekera koyamba pamaso pa Amereka ali Marietta. Koma tsoka silinunkha: chipani cha Nazi chitatenga boma la Germany mu 1933, nyimbo za Korngold zidaletsedwa chifukwa iye adali Myuda. Mu 1934 Max Reinhardt adamuitanira ku Hollywood kukakonza nyimbo za filimu ya A Midsummer Night's Dream, ndipo mu Malichi 1938, pamene Hitler adameza Austria, Korngold adali ku California pa ntchito ya The Adventures of Robin Hood, filimu imene idampatsa mphotho ya Oscar ndi kupulumutsa moyo wake, nyumba yake ya ku Vienna italandidwa. Nkhondo yachiwiri itatha adabwerera kwawo ndi chiyembekezo, koma adapeza mzinda wogumuka ndi akatswiri atsopano amene ankati nyimbo zake ndi zachikale. Motero munthu amene ali mnyamata adaphunzitsa ena kutsazika mzinda wakufa adayenera kutsazika wakewake, nabwerera ku Hollywood, kumene adamwalira pa 29 Novembala 1957, ali ndi zaka 60. Dziko lidamkumbukiranso mu 1975, pamene New York City Opera idaonetsa Die tote Stadt ndipo Erich Leinsdorf adaijambula yonse ndi René Kollo ndi Carol Neblett. Ku Royal Opera House mu London idafika mu 2009, ndipo mu 2019 ku Munich adaiimba Jonas Kaufmann ndi Marlis Petersen motsogozedwa ndi Kirill Petrenko.

Misozi ya wovekedwa zovala za malemu

Pa kanema nkhaniyo idapitiriza ulendo wake. Ku Argentina, mu 1956, Hugo del Carril adajambula Más allá del olvido, m'mene Laura Hidalgo adasewera akazi onse awiri. Ndipo mu 1981 Roland Verhavert adaibwezera kwawo ndi filimu ya Brugge, die stille, yolankhulidwa m'chinenero cha eni mzindawo. Koma filimu imene idafika kutali koposa zonse ndi imene sitchula dzina la Rodenbach nkomwe. Vertigo, ya Alfred Hitchcock, idatuluka mu 1958, miyezi yochepa Korngold atamwalira, ndipo idachokera m'buku la Chifalansa la 1954 lotchedwa D'entre les morts, lolembedwa ndi Pierre Boileau ndi Thomas Narcejac. Komabe ofufuza ambiri amaona ubale wake ndi Bruges-la-Morte, ndipo woonera aliyense wodziwa bukulo amazindikira zizindikiro za banja: mzinda wa nkhungu, umene pano ndi San Francisco, mwamuna woyendayenda m'misewu atafedwa, nkhope yodziwika pakati pa anthu odutsa, nsanja ya belu, sisitere, ndi tsitsi.

James Stewart asewera Scottie, wapolisi wopuma amene amachita chizungulire akakwera pamwamba, amene akhulupirira kuti Madeleine, mkazi amene adamkonda, adagwa pansanja ya tchalitchi iye akulephera kukwera kuti ampulumutse. Akumana ndi Judy, wogulitsa m'sitolo wofanana naye, ndipo amgulira suti yotuwa yonga ya malemu, nsapato zonga za malemu, namkakamiza kuti asinthe mtundu wa tsitsi ndi kulimanga monga malemu ankamangira. Apa Hitchcock adachita chimene Rodenbach sadachite: adatilowetsa mumtima mwa mkaziyo. Atiululira pakati pa filimu kuti Judy, amene Kim Novak amsewera, ndiye yemwe adali Madeleine wonamizira, wolembedwa ganyu pa chiwembu cha munthu wofuna kupha mkazi wake. Ndipo kuyambira pamenepo tiona mkazi wokonda mwamuna, wolakalaka kukondedwa ndi dzina lake ndi nkhope yake, akuvula umunthu wake pang'onopang'ono kuti avale wa munthu amene kulibe. Fupa lokakamiza limaswa mphika: Scottie azindikira chinyengocho, amkokera pansanja pomwe paja, ndipo mthunzi wa sisitere ukatulukira mumdima, Judy adzidzimuka nagwa, belu nilira. Mu 2012 akatswiri ofunsidwa ndi magazini ya Sight and Sound adaika Vertigo pamwamba pa mafilimu onse, pamalo pamene Citizen Kane idakhala zaka 50.

Kwa ine, apa ndi pamene nkhaniyi ifika pakhomo pathu. Jane, Marietta ndi Judy ali ndi abale awo ambiri: mkazi wolowa m'nyumba ya bambo wofedwa, amene ndiwo zake zimayerekezedwa tsiku ndi tsiku ndi za mayi amene adapita, mwana wobadwa pambuyo pa mwana womwalira, amene amakula akusenza dzina ndi ziyembekezo za mkulu wake amene sadamuone, mwamuna wokwatira wamasiye, amene amagona pansi pa chithunzi cha mnzake. Onsewa amapemphedwa ntchito imene Namalenga sadapatse munthu aliyense, yokhala wina.

Chigamulo

Pa anthu atatu akuluakulu amene adaigwira nkhaniyi, aliyense adanena mbali yake ya choonadi, ndipo sitiyenera kutaya ndi mmodzi yemwe. Rodenbach adatichenjeza kumene chisoni chopanda malire chimakathera, ndipo adaloza chala mzinda wodzala mapemphero umene udaonerera munthu akumira. Hitchcock adatikumbutsa kuti pambali pa wofedwa pamakhala wamoyo amene amapwetekedwa mwakachetechete. Koma ndikadafunsidwa kuti ndisankhe chimodzi choti ndipatse munthu amene waika wokondedwa wake chaka chino, ndikadampatsa mathero a Korngold, chifukwa iye adaika m'nyumba ya maliro bwenzi loima pakhomo ndi kunena kuti tiyeni. Madzi akatayika saoleka, ndipo chimenechi wofedwa amachidziwa kuposa tonse omulangiza. Chimene sangathe payekha ndi kunyamula mtsuko kupitanso kudambo.

Tsono inu owerenga, amene mwina simudzaponda m'misewu ya Bruges kapena kukhala m'nyumba ya opera, ntchito ya Frank ili m'manja mwanu. Pa tsiku loika maliro anthu amadzaza bwalo, chipepeso chimawerengedwa, nyimbo zimaimbidwa. Koma pakatha mwezi wachitatu, mahema atachotsedwa ndi alendo atabalalika, ndi pamene wofedwa amayamba kutseka zitseko ndi kulankhula ndi zithunzi. Pitani nthawi imeneyo, mukagogode, mukakhale naye pansi, mumlole atchule dzina la malemu kangati konse afuna, ndipo tsiku likakwana mumgwire dzanja ndi kumtulutsa panja kuti aone dzuwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.